Miyezi 11 pakati pa majisitireti ndi jaji: lipoti la mlandu wovulaza umene unasanduka wopha munthu

Mlandu uwu unayamba ngati wa ndewu wamba, woti khoti la majisitireti likanaumaliza m'miyezi iwiri kapena itatu, koma unakathera pamaso pa jaji wa High Court patapita pafupifupi zaka ziwiri. Ine ndinali loya wa woimbidwa mlandu. Lipotili ndalembera anzanga amene angoyamba ntchito, maloya komanso alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende ndi mapolisi, chifukwa gawo lalikulu la nthawi imene munthuyu anakhala pa rimandi linathera pa malire a mphamvu za makhoti awiriwa, pamene wina sangathenso kuugwira mlandu ndipo winayo sanauonebe. Mayina a anthu, a khoti ndi a ndende ndawasiya dala.

Mmene zinayambira

Woimbidwa mlandu anali bambo wa zaka za m'ma 30, mmisiri womanga nyumba, wosapalamulapo mlandu. Anakangana ndi mnzawo wa pantchito pa kagawidwe ka malipiro. Mawu anakula, anagwirana m'khosi, kenako bamboyo anatola thabwa n'kumenya mnzawoyo kumutu kamodzi kokha. Mnzawoyo anakomoka, anagonekedwa m'chipatala masiku angapo, n'kutulutsidwa akuoneka kuti wachira.

Apolisi anatsegula mlandu wovulaza munthu kwambiri, wa ndime 238 ya Penal Code (lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake), umene chilango chake chachikulu ndi zaka 14 m'ndende. Unapita kwa majisitireti wa giredi yoyamba. Bamboyo anakana mlandu, anati ankadziteteza, ndipo tsiku lomwelo anapatsidwa belo: mboni ziwiri za belo ndi kumakaonekera kupolisi. Loya analibe. Woimira boma anali wapolisi, monga zimakhalira m'makhoti ambiri a majisitireti.

Mlandu unayamba kuzengedwa. Mboni yoyamba inali wovulazidwayo, yachiwiri mmisiri mnzawo amene anaona ndewuyo. Khoti linaimitsa mlandu kudikira wachipatala kuti adzafotokoze lipoti lake. Tsikulo lisanafike, wovulazidwa uja anayamba kudandaula mutu, kusanza ndi kulankhula zosagwirizana. Anamwalira patatha masabata pafupifupi 7 chichitikireni ndewu.

Apolisi anakawatenga bamboyo kunyumba kwawo. Anali atamva kale za malirowo koma sanathawe, ndipo mfundo imeneyi inadzagwira ntchito patsogolo. Kukhoti, woimira boma anapempha kuchotsa mlandu wovulaza uja. Ndime 81 ya Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu, imalola zimenezi, ndipo poti bamboyo anali asanaitanidwe kuti adziteteze, kuchotsako sikunatseke njira yowaimbanso mlandu wina pa nkhani yomweyo. Anawawerengera mlandu wa ndime 209 ya Penal Code, wopha munthu mwadala. A majisitireti anawauza kuti asayankhe kuti akuvomera kapena akukana, chifukwa khotilo silingazenge mlandu wotero. Za belo anati sangathe. Analemba chikalata chowasunga pa rimandi.

Chimene abale anaona, ndi chimene lamulo limanena

Abale anatuluka m'khoti atatsimikiza kuti pachitika zachinyengo. Nditadzakumana nawo, achimwene awo a bamboyo anandifunsa motere: "Abwana, munthu yemwe uja, pampando womwe uja, dzana anapereka belo. Lero akuti alibe mphamvu. Mphamvuzo zapita kuti? Ife tikuona ngati a kwa malemu anapereka kangachepe." Anali atayamba kale kusonkha ndalama zoti apatse dobadoba wina amene anawalonjeza kuti "alankhula ndi akuluakulu". Ntchito yanga yoyamba inali kuwaletsa zimenezo, ndi kuwafotokozera kuti a majisitireti ananena zoona.

Majisitireti ali ndi mphamvu zokhazo zimene lamulo la Nyumba ya Malamulo lamupatsa, osapitirira apo ngakhale mlandu atauona bwino chotani. Ndime 110 ya malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 imanena kuti makhoti ang'onoang'ono ali pansi pa High Court, ndipo amatsogoleredwa ndi amajisitireti a mitundu iwiri: amene anaphunzira zamalamulo mpaka digiri, otchedwa Resident Magistrate, ndi ena a magiredi amene alibe digiriyo koma anaphunzitsidwa ntchito yoweruza. Ndime 13 ya Criminal Procedure and Evidence Code imalola Resident Magistrate ndi wa giredi yoyamba kuzenga pafupifupi mlandu uliwonse, kupatula ochepa, ndipo pa ochepawo pali woukira boma, wopha mwadala ndi wopha mosakonzekera. Ndime 14 imaika malire a chilango: zaka 21 kwa Resident Magistrate, zaka 14 kwa wa giredi yoyamba, zaka 10 kwa wa giredi yachiwiri, zaka 3 kwa wa giredi yachitatu.

Jaji wa High Court mphamvu zake zimachokera m'malamulo oyendetsera dziko mwachindunji. Ndime 108 imapatsa khotilo mphamvu zopanda malire zomva mlandu uliwonse, waupandu kapena wa pakati pa anthu, komanso zounika ngati lamulo kapena zochita za boma zikugwirizana ndi malamulo aakuluwo. Ngakhale kalowedwe ka ntchito n'kosiyana. Jaji amasankhidwa ndi Pulezidenti potsatira malangizo a Judicial Service Commission, bungwe loyang'anira ntchito za oweruza, ndipo ayenera kukhala atayenera kugwira ntchito ya uloya kwa zaka zosachepera 10, kapena atakhalapo kale jaji wa khoti la msinkhu womwewo. Majisitireti amasankhidwa ndi Chief Justice, mkulu wa majaji onse, potsatira malangizo a bungwe lomwelo. Chigamulo cha jaji pa tanthauzo la lamulo chimamanga amajisitireti onse, pamene cha majisitireti chimangokhudza anthu a mlandu umenewo basi.

Pa belo, chotchinga chili mu ndime 118 ya Criminal Procedure and Evidence Code. Ndimeyi imalola wapolisi kapena khoti laling'ono kupereka belo kwa aliyense, kupatula woimbidwa mlandu umene chilango chake chingakhale imfa. Kuyambira mu 2007, pamene High Court inagamula kuti chilango cha imfa chokakamiza n'chosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, jaji sakakamizidwanso kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wopha mwadala. Komabe imfa ikadali m'buku monga chilango chachikulu cha mlanduwo, choncho chitseko cha belo kwa majisitireti n'chotsekabe. High Court yokha ndiyo ingachitsegule.

Ndinganene pano kuti malire amenewa sindiwaona ngati vuto. Amene amadziwa mbiri ya makhoti athu amakumbukira kuti mu nthawi ya chipani chimodzi milandu yakupha ndi youkira boma inkazengedwa m'makhoti a mafumu a m'zigawo, kumene loya sankaloledwa kulowa. Kumeneko n'kumene Orton Chirwa ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Kusungira jaji milandu imene ingatengere munthu moyo kunabwera ndi chifukwa chake.

Chimene ndinapeza mu fayilo

Nkhaniyi inandipeza kudzera kwa mayi wina, mlangizi wa zamalamulo amene amayendera ndende. Anawapeza bamboyo atakhala pa rimandi miyezi 11. Atawafunsa kuti mlandu wawo uli kukhoti liti, anayankha kuti uli kwa majisitireti. Yankho limenelo ndilo linamuchenjeza mayiyo, chifukwa mlandu wopha munthu sungakhale "kwa majisitireti" chaka chathunthu. Umangodutsako.

Fayilo ya kukhoti la majisitireti inali ndi mbali ziwiri zosiyana kwambiri. Kumapeto kwake kunali masamba angapo ofanana ngati anachita kukopera: tsiku, woimbidwa mlandu alipo, boma likudikira malangizo, rimandi yawonjezedwa. Penapake panalembedwa kuti woimbidwa mlandu wapempha belo, ndipo khoti lamuuza kuti akapemphe ku High Court. Uphunguwo unali wolondola. Koma munthu wopanda loya, amene ali m'chitokosi, High Court angaipeze bwanji? Masiku ena sanabwere n'komwe kukhoti, chikalata cha rimandi chinangosainidwa. Ku High Court kunalibe fayilo iliyonse ya dzina lawo, chifukwa mlandu umafika kumeneko pokhapokha majisitireti atautumiza, ndipo kawirikawiri majisitireti amautumiza atalandira chikalata cha mkulu woimira boma pa milandu, DPP, chotsimikiza kuti mlanduwo ndi woyenera kukazengedwa ku High Court, monga ikunenera ndime 289 ya Criminal Procedure and Evidence Code. Chikalatacho sichikanalembedwa chifukwa fayilo ya apolisi inali isanachoke pamene inatsegulidwira. Inkadikira lipoti la kupima mtembo, limene linali litalembedwa kalekale koma palibe amene anakalitenga.

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo mwina n'zoona, koma munthu wa pa rimandi amaola. Bamboyo anali atawonda, ali ndi zidzolo thupi lonse, ntchito itatha, akazi awo atabwerera kwa makolo awo ndi ana.

Kumayambiriro kwa fayilo kunali chinthu chimene sindinkayembekezera. A majisitireti aja analemba umboni wa malemu ndi dzanja, monga amachitira amajisitireti ambiri, ndi cholembera cha buluu, zilembo zing'onozing'ono zopendekera, funso pa mzere wake ndi yankho pa mzere wake. Pamene bamboyo anapatsidwa mpata wofunsa mafunso, anafunsa limodzi lolunjika: ndani anayamba kumenya mnzake? Malemu anayankha za ndalama. Pamzere wotsatira panalembedwa kuti khoti lalamula mboni kuti iyankhe funso. Ndipo mboni inavomera kuti ndi iyo inayamba kumenya mbama, ndi kuti pamene thabwa linkagwa inali itagwira chidutswa cha njerwa m'manja. Woweruza wotopa akanangolemba mzere umodzi wachidule n'kupitirira. Awa analemba zonse, n'kusaina pansi pa tsamba.

Chisankho choyamba: belo, ndipo kwa jaji

Abale ankafuna kuti ndikaime pamaso pa majisitireti yemweyo ndi kuchonderera, poganiza kuti loya akalankhula zinthu zisintha. Ndinakana. Khoti likachita chinthu chimene lilibe mphamvu yochichita, chinthucho chimakhala ngati sichinachitike. Belo yotero ikanafafanizidwa, bamboyo akanagwidwanso, ndipo a majisitireti akanakhala pa mavuto chifukwa cha pempho langa. Pali ndime zimene zimauza makhoti kuti asataye chilungamo chifukwa cha zolakwika zing'onozing'ono za kayendetsedwe ka mlandu, koma sizipereka mphamvu pamene lamulo silinazipereke.

Ndinalemba pempho ku High Court, ndi chikalata cholumbirira chofotokoza mbiri yonse. Ndinatsamira pa mfundo zitatu. Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa aliyense womangidwa ufulu wotulutsidwa, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha chilungamo chitafuna kuti asungidwe, ndipo Supreme Court of Appeal, khoti lapamwamba kuposa onse, inanena mu 2005 kuti ngakhale pa mlandu wopha munthu, ndi boma limene liyenera kusonyeza chifukwa chomusungira. Kusintha kwa malamulo kwa mu 2010 kunaika malire a nthawi yosunga munthu mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga wopha munthu, ndipo boma likafuna kuwonjezera liyenera kupempha khoti. Apa masiku 90 anali atadutsa katatu ndi kupitirira, popanda pempho lililonse. Mfundo yachitatu inachokera mu fayilo ya majisitireti: pa nthawi yonse imene anali pa belo yoyamba, bamboyo sanajombepo kukhoti kapena kupolisi, ndipo atamva za imfa anakhala pakhomo mpaka apolisi anawapeza.

Kusiyana kwa makhoti awiriwa kumaoneka ngakhale ndi maso. Kwa majisitireti, belo imapemphedwa pakamwa, woimbidwa mlandu ataima m'bokosi, anthu atadzaza pa mabenchi, milandu ina yambiri ikudikira. Kwa jaji zonse zinayenda ndi mapepala. Tinakhala mu ofesi yake, ine, loya wa boma ndi kalaliki, bamboyo kulibe. Jaji anali atawerenga kale zonse. Sanafunse zambiri za ndewu. Anatembenukira kwa loya wa boma n'kufunsa kuti fayilo ya apolisi ili kuti, ndi kuti munthuyu atumizidwa liti ku High Court. Loya wa boma, amene nayenso nkhaniyi anaidziwira pa pempho langa, sanabise kuti fayilo sinafike. Anatsutsa belo pa mfundo imodzi yokha, yoti abale a malemu akadali okwiya ndipo moyo wa bamboyo ungakhale pangozi. Mfundoyi ili m'gulu la zimene Bail Guidelines Act imauza khoti kuti liganizire, pamodzi ndi kuthawa ndi kusokoneza mboni, choncho sinali yongotola.

Jaji anapereka belo, koma analamula kuti bamboyo akakhale kwa achimwene awo, kutali ndi kumene kunachitikira ndewu, asalankhule ndi mboni, ndipo mboni za belo zikafunsidwe ndi Registrar, mlembi wamkulu wa High Court. Anawonjezera chinthu chimene majisitireti sakanatha: anapatsa boma masiku owerengeka kuti limalize zonse zotumizira mlandu ku High Court. Lamulo limenelo ndi limene linadzutsa fayilo. Lipoti la kupima mtembo linatengedwa, chikalata cha DPP chinatuluka, ndipo bamboyo anakaonekera komaliza pamaso pa majisitireti yemwe uja kuti awatumize ku High Court. Mwambo umene anaudikira pafupifupi chaka chathunthu sunatenge ndi theka la ola lomwe.

Anzanga ena amadabwa ndikawauza kuti ku England, kumene tinatengera kagawidwe aka ka makhoti, malirewa ndi omwewa. Mlandu wopha munthu umayambira kwa amajisitireti, amene ambiri mwa iwo ndi anthu wamba ongodzipereka, n'kutumizidwa ku Crown Court, khoti la jaji, ndipo belo pa mlandu wotero amapereka ndi jaji yekha. Koma lamulo lawo la mu 2009 limakakamiza kuti jajiyo aione nkhani ya beloyo pasanathe maola 48, osawerengera masiku opuma, kuchokera tsiku lotsatira limene munthu waonekera kwa amajisitireti. Kwathu kuno palibe chimene chimanyamula munthu kuchoka kwa majisitireti kukamuika pa tebulo la jaji ngati wina sanalembe pempho. Wina ameneyo ndi ife.

Chisankho chachiwiri: kukana kapena kuvomera

Apa ndi pamene panali povuta kwenikweni, ndipo tinakhalapo nthawi yaitali.

Lipoti la kupima mtembo linasonyeza kuti malemu anafa ndi magazi amene ankatuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, n'kuundana mpaka kupanikiza ubongo, pansi penipeni pa pamene thabwa linamenya. Zimachitika ndithu kuti munthu wovulala kumutu amayenda ndi kulankhula bwinobwino kwa masabata, kenako n'kugwa. Abale ankafuna kuti tinene kuti cholakwa ndi cha achipatala amene anamutulutsa msanga. Ndinawauza kuti njira imeneyo ndi yoterera. Ndime 215 ya Penal Code imati munthu angatengedwe kuti ndiye wachititsa imfa ngakhale zochita zake sizinali chifukwa chokhacho kapena chomaliza cha imfayo. Popanda dokotala wina wotsutsa lipotilo, jaji sakanadula chingwe cholumikiza thabwa ndi imfa.

Ndiponso mlandu wopha mwadala sunali wongopeka. Ndime 212 imawerengera ngati "dala" ngakhale cholinga chongofuna kuvulaza munthu kwambiri, ndipo kumenya munthu thabwa kumutu kungathe kuwerengedwa motero. Chimene chinali kumbali yathu ndi mbama ija ndi chidutswa cha njerwa. Zinthu ziwirizi zinkaloza ku kuputidwa, kumene ndime 213 ndi 214 zimati kumatsitsa mlandu kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha mosakonzekera. Zinkalozanso ku kudziteteza, kumene kukanawamasula kotheratu jaji akanakhulupirira kuti mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yoyenerera. Koma mboni yachiwiri ija inali itanena kwa majisitireti kuti pamene thabwa linkagwa, malemu anali atabwerera m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri. Fayilo yomweyo imene inatipatsa njerwa inatilandanso kudziteteza kokwanira.

Ndinapempha kalaliki wa kukhoti la majisitireti kuti masamba a umboni atayipidwe ndi kutsimikizidwa, ndipo ndinatumiza kope kwa loya wa boma pamodzi ndi chithunzi cha masamba olembedwa pamanja aja. Fayilo ya apolisi inalibe mawu amenewa. Mmenemo munali sitetimenti ya malemu ya m'chipatala, yonena kuti anangomenyedwa popanda chifukwa. Loya wa boma atawerenga zimene malemu ananena atalumbira, pamaso pa woweruza, akufunsidwa ndi woimbidwa mlandu mwiniwake, anavomera kuti ngati bamboyo angavomere mlandu wopha mosakonzekera wa ndime 208, boma lidzaulandira.

Kuuza munthu amene wangotuluka kumene m'ndende, amene wayambanso kugwira maganyu ndi kuona ana ake, kuti avomere mlandu umene udzamubwezera komweko, si nkhani ya tsiku limodzi. Ndinawayalira zonse. Akakana n'kupezeka wolakwa pa kupha mwadala, chilango chikhoza kukhala zaka zambirimbiri, moyo wonse, ngakhale imfa pa pepala. Akakana n'kupambana pa kudziteteza, atuluka mfulu, koma mwayi umenewo ndinauona wochepa. Akavomera wopha mosakonzekera, chilango chachikulu m'buku ndi moyo wonse m'ndende, koma jaji ali ndi ufulu woyeza, ndipo kuvomera, kusapalamulapo ndi kuputidwa zonse zimatsitsa.

Anakhala chete, kenako anafunsa: "Abwana, nanga osangobwerera kwa a majisitireti aja bwanji? Amene aja ankandimva." Ndinawayankha kuti, "Bambo, amene aja anakumvanidi, ndipo zimene analemba ndi zimene zikukuthandizani lero. Koma pamene munthu wamwalira, mlandu sungabwererenso kwa iwo." Ndinawakumbutsanso kuti mnzawo uja akanakhala ndi moyo, a majisitireti omwewo anali ndi mphamvu yowapatsa mpaka zaka 14 pa mlandu wovulaza. Anthu ambiri amaganiza kuti kwa majisitireti n'kopepuka ndipo kwa jaji n'koopsa. Zaka 14, kapena 21 kwa Resident Magistrate, si chilango chopepuka, ndipo kawirikawiri munthu amazilandira alibe loya.

Patapita masabata angapo anabwera ndi achimwene awo n'kunena kuti avomera.

Zimene anzanga angatengepo

Mukakumana ndi munthu wa pa rimandi, musakhutire ndi funso loti mlandu wake uli kukhoti liti. Funsani dzina la mlandu ndi ndime yake, muone chikalata cha rimandi ndi maso anu, kenako dzifunseni ngati khoti limene lasaina chikalatacho lingazenge mlanduwo. Ngati silingathe, werengani masiku. Munthu amene akungopita kwa majisitireti mwezi ndi mwezi pa mlandu wopha amaona ngati mlandu wake ukuyenda, pamene sunayambe n'komwe.

Onaninso ndime imene apolisi alemba. Imfa ikachitika, kawirikawiri amalemba 209 poyamba, n'kusiyira maloya a boma kuti adzaone ngati ndi 208. Koma kusiyana kwa manambala awiriwa kumakhudza belo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa chilango cha 208 si imfa, ndipo chotchinga cha ndime 118 chimanena za milandu ya imfa yokha.

Fayilo ya majisitireti musaipeputse poti mlandu wapita kumwamba. Iwerengeni yonse, yolembedwa pamanja, musanadalire yotayipa. Ndaona maloya akuyamba mlandu ku High Court ngati kuti m'mbuyomo simunachitike kanthu. Ntchito yambiri ya jaji pa milandu yaupandu imayambira pa zimene majisitireti analemba: apilo imazengedwa pa fayilo imeneyo, ndipo ndime 15 ya Criminal Procedure and Evidence Code imalamula kuti zilango zina zitumizidwe ku High Court kuti jaji aziunike ngakhale palibe wachita apilo, monga chopitirira zaka 2 chochokera kwa Resident Magistrate kapena chopitirira chaka chimodzi chochokera kwa wa giredi yoyamba. Jaji woona fayilo yotero saona nkhope ya mboni. Amaona zimene cholembera chinagwira. Pa mlandu uno, woweruza wopanda digiri ndi amene anasunga mawu amene anasintha mlandu wonse, ndipo anachita zimenezo pa tsiku limene aliyense ankauona ngati mlandu wa ndewu chabe.

Ndipo abale afotokozereni msanga za malire a mphamvu, m'mawu osavuta, dobadoba asanawafotokozere m'njira yake. Kusamvetsa chifukwa chimene majisitireti wakanira belo n'kumene kumatsegula matumba a anthu osauka kwa akuba a pakhomo pa khoti.

Mathero a mlandu

Tsiku la mlandu, bamboyo anavomera wopha mosakonzekera. Loya wa boma anawerenga mfundo zimene tinagwirizana, kuphatikizapo mbama, njerwa, ndi kubwerera m'mbuyo kwa malemu. Jaji anawafunsa kudzera mwa womasulira ngati akuvomereza mfundo iliyonse, ndipo anaima pa ya thabwa n'kufunsanso kachiwiri. Pa chilango, ine ndinatchula kuputidwa, kumenya kamodzi kokha, kuvomera, kusapalamulapo ndi miyezi ya pa rimandi. Boma linatchula chida, malo amene chinamenya, ndi ana amene malemu anasiya. Mkazi wa malemu anali m'khoti.

Jaji sanagamule tsiku lomwelo. Anabwera ndi chigamulo cholemba, choyerekeza mlanduwu ndi ina ya mtundu womwewo imene High Court ndi Supreme Court of Appeal zinagamulapo kale, ndipo anapereka zaka 6, n'kulamula kuti nthawi yonse imene anakhala pa rimandi ichotsedwepo. M'chigamulocho anatchula umboni wa kwa majisitireti monga chifukwa chachikulu chimene anakhulupirira kuti panali kuputidwa. Ndinawafotokozera bamboyo kuti apilo ya chigamulo cha jaji imapita ku Supreme Court of Appeal, ndi kuti ine sindinkaona poigwira. Sanachite apilo.

Mlangizi uja atabwerera kundende ija ndi mafunso omwewo, anapeza anthu ena awiri a milandu yopha amene anali asanatumizidwe ku High Court, masiku 90 atadutsa kalekale. Tinawalembera mapempho ofanana ndi loyamba lija. Mmodzi anapatsidwa belo. Winayo jaji anamukaniza, chifukwa boma linasonyeza kuti anathawa imfa itangochitika ndipo anagwidwa patapita miyezi, koma analamula kuti mlandu wake uyambe pa tsiku limene analitchula m'chigamulomo.